Nkhunda Zamasiye za Wyson Kamphinda

Mwa anthu onse amene ndinasema nawo mitengo ya labala kumtunda kwa Chintheche m'zaka za m'ma 1970, palibe amene anandipsetsa mtima ngati Wyson Kamphinda, ndipo palibenso amene ndimamuvulira chipewa ngati iyeyo. Anali wa ku Ntchisi, wamtali, wakuda bii, wolankhula ngati mawu wachita kubwereka kwa mnzake. Ine ndine Stanley, kwathu n'ku Thyolo, ndipo pakamwa panga sipauma. Nyumba zathu m'malaini a pa esiteti zinagawana khoma limodzi, ndiye za m'nyumba mwake ndinkazimva, kufuna kaya kusafuna.

Ntchito yathu inali kulawirira tambala woyamba, kusema khungwa la mtengo ndi kampeni kokhota, n'kusiya utomoni woyera uja ukudonthera m'kapu. Ukasema mopepuka utomoni sutuluka. Ukazamitsa mpeni, mtengo umachita chilonda chosapola. Enafe tinkathamanga kuti timalize mzere dzuwa lisanatiwambe, koma Wyson ayi ndithu. Ankayamba wasisita khungwa ndi chala, kuyang'ana pamene anasema dzulo, kenako n'kusema. Kapitawo ankamutukwana kuti ndi nyenzi, munthu wochedwa, iye n'kungoti, "Ndamva, bwana," mawa n'kuchedwanso chimodzimodzi. Nthawi zambiri ndinkamudikira pa sikelo yoyezera utomoni ndili lunguzi, njala itandipota.

Kuseri kwa nyumba anamanga khola la nkhunda, ndipo madzulo alionse ankakhala pa chitsa n'kumaziyang'ana mpaka ine kutopa m'malo mwake. Mkazi wake, Falesi, ndiye anali moto wa pa malaini. Wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Anafika osadziwa ngakhale moni wa Chitonga, koma mvula isanagwe kawiri anali akukangana ndi azimayi ogulitsa usipa pa Mpamba m'chilankhulo chawo chomwe. Kuviika chinangwa anaphunzira msanga kuposa mkazi wanga, amene mpaka lero kondowole wake amanunkha. Wyson ankamuitana ndi mfunda wake, aNankhoma. Ine ndinkangoti alamu.

Anakhala zaka zingapo opanda mwana. Mimba itabwera, malaini onse anasangalala nawo. Koma mwanayo anabadwa m'nyengo ya mvula, anapuma pang'ono chabe, n'kuzizira tsiku lomwelo.

Kwawo kwa Wyson, ngakhale kwathu komwe, mwana wotere sawerengedwa maliro. Amati mtayo. Amakamuika azimayi okhaokha mwakachetechete, m'dzenje losazama, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo bambo sapondako. Choposa zonse, mayi wake saloledwa kulira, ati akalira sadzaberekanso. Mayi Margret, mzamba wathu wa ku Dedza amene analandira ana onse a m'malaini, ndi amene anamugwira Falesi pakamwa n'kumuuza zimenezi. Sanali mayi woipa, ayi. Ankamukonda Falesi ngati mwana wake, ndipo ankafuna kuti adzanyamule wina. Falesi anamvera. Sanagwetse msozi ngakhale umodzi.

Kuyambira pamenepo khoma lathu linakhala chete. Poyamba tinkati ndi kufooka kwa uchembere. Koma mvula inatha, chinangwa chinauma pa thandala, Falesi ali gone pa mphasa, nkhope kukhoma. Ukamupatsa moni ankakuyang'ana ngati walankhula uli kutsidya kwa mtsinje. Phala ankalawa kamodzi n'kukankhira kumbali. Kusamba mpaka mkazi wanga achite kumukokera kubafa. Tcheyamani wa amayi achipani anabwera kudzafunsa chifukwa chake sakupita koyeserera magule, anasuzumira m'nyumba, anatuluka, ndipo sanabwerenso.

Wyson sanakhale pansi. Anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala. Anamupima, anamupatsa mapilitsi a magazi, n'kunena kuti m'thupi mulibe nthenda. Zikapitirira, ati, ndi za kuchipatala cha amisala, kutali kumwera uko. Akulu ampingo anabwera kudzapemphera. Anzathu a Chitonga anati mwina ndi vimbuza, ndipo anamuimbira ng'oma kumudzi wina wa kufupi ndi Kande. Falesi anakhala pakati pa bwalo, manja pa miyendo, mpaka oimbawo anatopa okha. Anabwerera naye ali chimodzimodzi, koma wopepuka kuposa mmene anapitira.

M'pamene Wyson anakumbukira mayi ake. Iwo ankadziwa zitsamba pang'ono, ndipo kunali mtengo wina umene makungwa ake ankaviika n'kumwetsa munthu amene mtima wamugwera pansi. Dzina lake lenileni sindilidziwa. Iwo ankangoutchula kuti mgoneka. Wyson anausaka m'nkhalango ya kumtunda kwa esiteti Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, mpaka anapeza wofanana nawo masamba ndi fungo. Anasenda kakhungwa mbali imodzi yokha, monga mwa dzanja lake, n'kumata dothi pa balapo. Akutsika nako anakumana ndi msodzi wina wachikulire, Ada Tobias, amene tinkagulako utaka. Mkuluyo ananunkhiza khungwalo n'kufunsa ngati Wyson akupita kukapha nsomba, pakuti kuno amalisinja n'kuthira m'madziwe a mtsinje kuti nsomba ziledzere, ziyandame.

Tangoganizani. Kwanu ndi mankhwala, kwa eni dziko ndi chiphe cha nsomba, ndipo mayi ako amene akanakuuza ngati mtengowo ndi womwewo anamwalira kalekale. Ine ndinamuuza kuti ataye. Wyson anakapachika khungwalo kudenga la khitchini, osalitaya, osaliviikanso.

Masiku omwewo kabawi anagwira nkhunda yake imodzi, yaimuna. Nkhunda zimakhala ziwiriziwiri, ndiye yaikazi inatsala yokha. Madzulo ena Wyson anandiitana kuseri, n'kundilozera. Mbalameyo inali itakhala pakona pa khola, nthenga zili nyankhalala, mutu utalowa m'mapewa, gaga ali pamphuno pake koma osajompha.

"Achimwene," anatero, "mbalame iyi yakhala ngati ndani?"

M'maso mwanga munabwera Falesi ali pa mphasa paja.

Anaviika khungwa lija m'mbale, madzi n'kufiira, n'kuidontheza mbalameyo kukamwa ndi nthenga. M'mawa tinaipeza ili chagada, miyendo m'mwamba. Ine, poti ndiwo zinali zovuta, ndinapempha kuti ndiiotche. Anandifunsa ngati nanenso ndikufuna kugona chagada, n'kukaikwirira kuseri kwa nthochi. Ndikudziwa chimene chinali m'mutu mwake: akanakhala munthu wopupuluma ngati ine, amene akanagona chagadayo anali Falesi.

Aliyense akanalekera pomwepo. Iye anati vuto ndi kuchuluka, asungunule ndi madzi ambiri ayesenso. Koma ayesa pa chiyani? Nkhunda yosangalala siingakuuze ngati mankhwala a chisoni akugwira ntchito. Pankafunika zamasiye. Ine ndinaona kuti nkhaniyo ndi yophweka zedi. Ndinati tizinge zazimuna za m'khola lakelo, tidye, zazikazi zitsale zamasiye, ntchito iyambe.

"Ndiyambitse maliro dala," anatero, "kuti ndiphunzire kutonthoza?"

Aa, munthu ameneyu! M'malo mwake anayamba kuyenda m'midzi akaweruka kuntchito, atamangirira dengu pa njinga, kufunsa khomo ndi khomo ngati pali nkhunda imene mnzake anagwidwa ndi kabawi kapena mphaka. Akaipeza, ankasiya ziwiri zathanzi za m'khola mwake n'kutenga yodwalayo. Atonga anaseka mpaka kugwira nthiti. Akamuona akubwera ankafuula moni wa kwawo, "Timoneni, ada a nkhunda!" Ena ankamunamiza, kumupatsa nkhunda yachitopa, koma iye ankayamba wakhala pansi kuiyang'anitsitsa, ndipo sankanamizika kawirikawiri. Khola lake lija, limene linali lodzaza, linayamba kuchepa tikuona.

Nthawi imeneyo sikunali koyenda chisawawa ukufunsa mafunso m'midzi ya eni. Tsiku lina ayufi a chipani anamugwira pa Mpamba. Khadi lachipani anali nalo m'thumba, koma anati zimenezo n'zina. Munthu wobwera, wozungulira ndi mbalame, akhoza kukhala kuti amazituma kutsidya la nyanja kwa zigawenga. Anamutengera kwa tcheyamani wa dera. Mkuluyo anavundukula dengu, anaona kambalame kali zyolii, n'kunena kuti aka sikangafike ngakhale kuchimbudzi, asiyeni azipita. Wyson atafotokoza za mkazi wake, mayi a pakhomopo anapita kuseri n'kubwera ndi nkhunda yawo yamasiye, osalandira kanthu.

Anamanga timakola tiwiri pansi pa mtengo wa mango. Za m'khola limodzi ankazipatsa madzi a mankhwala osungunula kwambiri, za m'khola linalo madzi a pachitsime basi. Ndinamufunsa chifukwa chake akuzimana zinazo. Anati akazimwetsa zonse, adzadziwa bwanji kuti zachira ndi mankhwala kapena zangotopa nacho chisoni? Sukulu analekeza sitandade yachitatu, koma mutu umenewo unali wake wobadwa nawo.

Sipanapite nthawi, za mankhwala zinayamba kudya. Kudya kwake kosati kwamasewera, zinanenepa, nthenga n'kusalala, phokoso n'kutheratu. Za madzi wamba zija zinkasautsa kuziona. Zinkaitana usana wonse, kuzungulira m'khola, kusuzumira kunja, kuonda. Ina inafa ndithu. Ine ndinavina pabwalo. Ndinati basi, mankhwala apezeka, kamwetseni alamu lero lomwe.

Wyson anati tidikire.

Apa ndiye ndinalusa, ndipo sindichita nazo manyazi. Falesi anali atatha. Chitenje chinkamuzungulira kawiri, mikono ngati bango, milomo yosweka. Mkazi wanga ankabwera kuchokera kumeneko akulira. Ndinamulalatira Wyson pamaso pa anthu kuti akusewera ndi mbalame mkazi akufa m'nyumba, kuti akadzamwalira ine ndidzauza abale ake kuti wamupha ndi iyeyo, ndi kuzengereza kwake. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Maso ake anali ofiira, ndipo ndinaona kuti nayenso lamba wamuboola mabowo atsopano. Anangoti akufuna aone kaye chimene zichite akazitulutsa.

Anazitsekulira zonse kuti zisakanikirane ndi zotsala za m'khola lalikulu. Za madzi wamba zija, zimene zinapulumuka, zinali zitayamba kale kujompha pang'onopang'ono. Zitatuluka zinakasamba m'phale, ndipo posakhalitsa ina tinaiona ikutola udzu ndi mwamuna watsopano. Za mankhwala zinangotera pansi n'kumadya. Yaimuna inkabwera kudzazungulira, kufufuma khosi, izo osatembenuka n'komwe. Ndipo masana ena chithunzithunzi cha kabawi chitadutsa pabwalo, nkhunda zonse zinabalalika kuthawira kudenga, koma zonenepa zija zinapitiriza kujompha gaga pamtetete. Kabawi anasankha yekha imene anafuna.

Ine ndinati mbalame ndi mbalame, munthu ndi munthu. Wyson anavomera kuti n'zoona, ndipo chifukwa cha chimenecho anamwa yekha. Sanandiuze. Ndinazindikira kuntchito, pamene ndinamuona akumaliza mzere ine ndisanafike pakati. Nditapita kukaona, mitengo yake inali yokhapidwa mpaka mkati, mabala okhaokha, iye ali chilili akudya chinangwa chootcha, chala chikutuluka magazi osachiona. Anamwa masiku angapo, kenako analeka. Mutu utayera anandiuza kuti m'masiku amenewo pamtima sipankapweteka, njala inkamugwira bwino, tulo tinkabwera. Koma akalowa m'nyumba n'kuona Falesi pa mphasa paja, ankamuona ngati munthu wodutsa pamsewu.

Lamulungu lotsatira, titabwera kutchalitchi, anandipempha kuti ndikhale pakhonde pake, ati mwina andifuna. Chitseko chinali chotsekula, ndiye zonse ndinaziona ndi kuzimva. Anamudzutsa Falesi, kumutsamiritsa kukhoma, n'kuika botolo la mankhwala aja pa mphasa. Anamufotokozera zonse mwa kachetechete kake kaja, osabisa kanthu: za nkhunda imene inafa ndi mankhwala, za zimene zinanenepa, za kabawi, za zimene anamva iye atamwa. Anamuuzanso kuti mwa zimene sizinamwe, ina inafa ndi chisoni. Anati iye mwini sakudziwa chabwino n'chiti, ndipo sangamumwetse mobisa m'phala ngati mwana. Thupi ndi lake, asankhe yekha.

Sindinkayembekeza yankho. Miyezi yonseyo mawu a Falesi ndinali nditawaiwala. Koma ndinamva kamawu kosasa, kochokera kutali.

"Ndikamwa ndimuiwala?"

"Kuiwala mwina ayi," anatero Wyson. "Koma simudzamufunanso."

Falesi analiyang'ana botolo lija, n'kulikankha ndi kuseri kwa dzanja mpaka linagubuduka. Kenako anati mwanayo anali ndi tsitsi lambiri, lakuda, ndipo anangomuona pamutu pokha asanamukulunge. Atanena zimenezo anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akunjenjemera, akuyang'ana kukhomo mwamantha.

"Lirani, aNankhoma," anatero Wyson. "Ine ndili pakhomo."

Abale, ndamva maliro ambiri m'moyo wanga, koma kulira kumene kunatuluka m'nyumba imeneyo masana amenewo sindidzakuiwala. Sindikudziwa mphamvu zake anazitenga kuti munthu wotha ngati uja. Nkhuku zinathawa pabwalo. Malaini onse anatuluka, ena atanyamula mbale m'manja. Patsogolo panali Mayi Margret, akuthamanga mpango uli m'manja, akufuula kuti mutsekeni pakamwa, mukumuwononga mwanayo, sadzaberekanso. Anapeza Wyson ataima pakhomo, manja atagwira mafelemu mbali zonse. Ine ndinaima pambali pake, ngakhale kuti kutsekereza azimayi akuluakulu pa nkhani ya uchembere si zinthu zimene mwamuna amachita. Anamuchonderera, anamutukwana, wina anamumenya ndi chipande pamkono. Sanakweze mawu ndipo sanasunthe. Ankangoti, "Pepani amayi, lero ayi."

Anthu a m'midzi yoyandikana atamva mfuu anayamba kufika, monga amachitira anthu akamva maliro. Ada Tobias, amene anabwera kudzagulitsa nsomba m'malaini, anatsitsa dengu lake, anavula chipewa, n'kufunsa kuti watisiya ndani.

"Mwana wanga," anayankha Wyson.

Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku, pakuti aliyense ankadziwa kuti panyumbapo panalibe mwana. Kenako anamvetsa, n'kukhala pansi pakhonde monga amakhalira amuna pa maliro. Ena anakhalanso. Wyson anatsetsereka pa felemu paja mpaka pansi, ndipo munthu amene sindinamuonepo akugwetsa msozi analira ngati kamwana. Mayi Margret anaima nthawi yaitali, kenako anamulambalala n'kulowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti akukamutseka pakamwa. Koma tinangomva mawu awiri akulira m'malo mwa amodzi.

Sindinganame kuti Falesi anadzuka m'mawa mwake akuseka. Analira masiku ambiri, ndipo panali masiku ena amene ankabwereranso kukhoma kuja. Koma anayamba kumaliza phala. Tsiku lina anapempha madzi osamba yekha. Nyengo ya mango isanathe ndinamumva kudzera pakhoma akukalipira Wyson kuti wagula usipa wamchenga, ndipo ndinadzutsa mkazi wanga kuti amve nawo. Ku mtengo uja Wyson sanapitenso. Anthu ena ankabwera kudzamupempha mankhwalawo, iye n'kuwauza zimene anaona, zabwino ndi zoipa zomwe, n'kuwonjezera kuti si sing'anga ndipo sakudziwa ngati unalidi mtengo wa mayi ake.

Falesi sanaberekenso. Zaka zinapita, mimba osabwera. Kaya ndi kulira kuja, kaya ndi thupi lake limene linali lovuta kuyambira kale, ine sindidziwa, ndipo amene amati akudziwa ndimakangana nawo mpaka lero. Koma azimayi a m'malaini anali ndi yankho lawo, ndipo sankalinong'ona. Abale a Wyson ku Ntchisi anatumiza mawu kuti akwatire wina. Ngakhale ine, tsiku lina tikuchokera ku sikelo titakalamba ndithu, ndowa zili m'manja, ndinamufunsa ngati samadandaula kuti dzina lake lithera pa iye, pamene akanangotseka chitseko tsiku lija mwina bwenzi ali ndi ana pakhomo.

Tinayenda mpaka tinatulukira pa malaini. Falesi anali pamtondo, imvi zili mbuu, akusinja chinangwa uku akutukwana mbuzi ya eni m'Chitonga.

"Ana ndinkawafuna, achimwene, ndipo mpaka lero zimandipweteka," anatero Wyson. "Koma uyo akusinjayo ndikanamukwirira chaka chomwe chija."